Maloto Obwereka

Ine sindilota. Ndagulitsa matiresi zaka khumi ndi chimodzi, ndalonjeza anthu osawerengeka kuti akagona pa katundu wathu azilota zokoma, koma ineyo ndikaika mutu papilo kumangoti bii, kenako kwacha. Ndinabadwa choncho, ndipo sizinkandidandaulitsa mpaka pamene mwana wathu anamwalira.

Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mmodzi yekhayo. Tinkamutcha Kanyerere chifukwa shuga, ngakhale umubise pamwamba pa kabati, iye ankamupeza basi. Anatentha thupi Lolemba, pofika Lachisanu tinali titamuika m'manda. Zambiri za sabata imeneyo sindinena, chifukwa ndikayamba sindingamalize.

Patatha milungu itatu, m'mawa wina tikumwa tiyi m'khitchini, akazi anga anaika kapu pansi n'kunena kuti amulota. Anati anamuona atakhala pakhomo akulimbana ndi zingwe za nsapato, lilime lili panja monga ankachitira akatanganidwa. Chichitikireni maliro, aka kanali koyamba kuona nkhope yawo itamasuka. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga inu, bambo ake? Kwa inu sanabwere?"

Anangofunsa chabe, ankadziwa bwino kuti ine ndimagona ngati chipika. Koma funsolo linandichititsa manyazi oopsa. Bambo wanji amene mwana wake wafa, iye n'kumangoliza mkonono mpaka m'mawa? Pakamwa panatseguka pokha.

"Anabwera," ndinatero. "Anali pansi pa thebulo lomwe lino, akunyambita supuni."

Akazi anga anagwira pakamwa. "Inu? Inu osalota inu?" Misozi inkatsika, koma anali akuseka. "Ndiye kuti amabweradi, bambo ake. Ndikanakhala ine ndekha ndikanati ndi mutu wangawu. Koma mpaka inu!"

Tsiku lomwelo anagula kope lachikuto cholimba. Umu ndi mmene unayambira mwambo wathu: tiyi akathiridwa, kope litsegulidwe, alembe tsiku, alembe amene walota, alembe malotowo mawu ndi mawu. Anthu ena amapita kumanda ndi maluwa, ife tinali ndi kope. Ndipo ine, munthu wosalotane, ndinasanduka wolota wamkulu wa m'nyumbamo, kawiri kapena katatu pa sabata.

Musaganize kuti kunama ndi ntchito yopepuka. Malotowo ndinkawapeka kuntchito nthawi ya nkhomaliro, nditagona chagada pa matiresi achionetsero a kumbuyo kwa sitolo, aja sitinawachotse pulasitiki, mapazi nditawatulutsira kunja kuti nsapato zisadetse katundu. Ndinkayang'ana kudenga n'kumafufuza m'mutu: supuni, katungwe, juzi yake yachikasu, dzino lija linkagwedera, mmene ankaitanira mphaka wa aneba. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sasiya zambiri. Pofika chaka chachiwiri ndinali nditakokota mphika wonse, ndikungobwereza zakale mozisintha pang'ono. Akazi anga nawo anali atachepetsa kunena awo. Ndikawafunsa ankangoti, "Yambani inu," ine ndikamaliza nthawi ya basi yakwana. Ndinkati akuchira, ndipo mumtima ndinkadzitama kuti dokotala wake ndine.

Kenako kunabwera filimu ya maloto ija. Mwezi umenewo munthu sukanakwera basi kapena kulowa mometera tsitsi osamva anthu akukangana za iyo. Abwana athu ndi munthu woti akaona mzere wa anthu, kaya ndi wa pachipatala, amayamba kuganiza zowagulitsa. Ataona mzere wa pa holo ya kanema anati nkhaniyi ikutikhudza, anthu akulipira kuti akaonere tulo pamene tulo ndiye bizinesi yathu. Lachitatu masana anatseka sitolo n'kutitenga tonse: ine, adalaivala athu onyamula matiresi, ndi mayi wa pakauntala amene timamutcha Wailesi chifukwa alibe batani lozimitsira.

Filimuyo ndi ya nthawi yam'tsogolo. Anthu akumwa mapiritsi oti azigona maola awiri okha kuti azigwira ntchito kwambiri, ndiye maloto awathera. Atsala ndi anthu ochepa olota, amene kampani ina yawatsekera m'nyumba yaitali yagalasi, makina akuwakama maloto ngati mkaka n'kumathira m'timabotolo togulitsa. Mwini nkhani ndi bambo wina wotsuka timabotolo tobwezedwa. Mwana wake wamwamuna anamwalira, ndipo iye amanyambita zotsalira za m'timabotolo ta eni ake kuti mwina angamuonemo. Pali kuthamangitsana kwambiri, nyumba zogwa, ndi makina olankhula amene mpaka lero sindikudziwa chimene ankafuna. Koma chakumapeto bamboyo amapeza dontho limodzi. Akuona basi ikuyenda yokha popanda dalaivala, mipando yonse ilibe anthu, mwana wake yekha wakhala pawindo. Bamboyo akuithamangira, basi siikuima. Mwanayo akugogoda pagalasi n'kunena kuti, "Musathamange, ababa. Ndakusungirani malo."

Ndinalira mumdimamo, chala nditachiluma kuti abwana asamve.

Titatuluka, mkangano unayambira pamasitepe pomwepo.

"Ine ndiye yandimaliza," anatero Wailesi, akupukuta m'maso ndi mpango. "Ndibweranso Loweruka ndi ana. Kamwana kaja! Iii, koma anthu amaganiza."

"Zachibwana," anatero adalaivala. "Basi ingayende bwanji yopanda munthu? Pamphambano ingadziwe bwanji kokhotera? Amenewa akungofuna atichotse ntchito."

"Inu mwaiona nthawi yanji basiyo?" Wailesi anawabweza. "Si inu mumaliza mkonono kuyambira pa mapiritsi paja? Holo yonse ija, munthu amene walotadi ndinu nokha."

"Ndinangotseka maso, makutu anali pantchito."

Abwana anati filimuyo ndi yabwino koma yaitali, ndipo cholakwika chachikulu n'chakuti olota aja anawagoneka pa mabedi achitsulo opanda matiresi. Anati munthu sangalote zogulitsika atagona pa chitsulo. Ananena izi nkhope ili gwa, ndipo mawa lake analembetsa chikwangwani chakuti kwathu maloto ndi aulere, umangolipira matiresi. Atandifunsa maganizo anga ndinati mutu ukundipweteka.

M'mawa mwake akazi anga anatsegula kope. Panali patatha masiku asanu ndi anayi ndisanawapatse kalikonse, ndipo cholembera anachigwira ngati munthu wodikira kuitanidwa dzina kuchipatala. Za filimu ndinali nditangowauza kuti abwana anatitayitsa nthawi, iwo sanafunse zambiri. M'mutu mwanga munalibe china koma basi ija. Ndinaganiza mwachangu: akaziwa chichitikireni maliro sanapiteko kokasangalala kulikonse, ngakhale ukwati wa msuweni wawo anaukana. Njira yawo ndi imodzi, kuchoka kunyumba kupita ku ofesi ya sukulu kumene amataipa makalata, n'kubwerera. Ku kanema angakatani? Choncho ndinaba. Mnyamata uja ndinamusandutsa Kanyerere, ndinamuveka juzi yachikasu, zina zonse ndinazisiya mmene zinalili, mpaka kugogoda pagalasi ndi mawu ake omwe.

Sanalembe nthawi yomweyo. Anangoti, "Bwerezani." Ndinabwereza. Analemba pang'onopang'ono n'kudula mzere kunsi kwa mawu omalizawo.

"Malo a munthu mmodzi kapena awiri?" anafunsa, maso ali pakope.

"Anangoti malo, mayi ake. Basiyo inkathamanga."

Anagwedeza mutu n'kutseka kope. Masiku otsatira ndinkawapeza atatsegula tsamba lomwelo, ngodya yake ataipinda, milomo ikuyenda. Ine chitsiru ndinanyada. Ndinati zaka ziwiri ndakhala ndikupeka tizinthu tosalimba, apa ndiye ndawapatsa chogwirika.

Kuntchito moto unali usanazime. Wailesi anaionerako kachiwiri n'kubwera ndi nzeru yatsopano, yakuti bambo uja naye anali wakufa kuyambira pachiyambi. Adalaivala anati zikanakhala choncho bwenzi atanena msanga, anthu n'kubwerera kwawo. Kwa masiku atatu sanapatsane moni, uthenga wonse wa kokasiya katundu unkadzera mwa ine. Ndinkaseka nawo, koma wina akangotchula basi, ndinkathawira kumbuyo kwa sitolo.

Tsoka silinunkha. Patatha milungu iwiri, Lamulungu masana, kunabwera mlamu wanga, mng'ono wawo wa akazi anga, amene ali ndi saluni yake mtauni. Ndi mtsikana wabwino, koma akakonda chinthu amafuna dziko lonse lichikonde pofika madzulo. Filimu ija anali ataionera kawiri.

"Achemwali, iyi yokha simuithawa," anatero asanakhale n'komwe. "Ku saluni tagawanika pawiri, ena akuti ndi misala, ena akuti ndi ulaliki. Dzulo mayi wina wanyamuka tsitsi litalukidwa mbali imodzi chifukwa cha mkangano. Pali pena pake chakumapeto, pamene bambo uja..."



"Ayi, sindinena," anadzidula yekha. "Kuulula mathero a filimu ndi tchimo. Mukaone nokha."

"Palibe chokaona, alamu," ndinatero. "Ine ndinaionera. Phokoso lokhalokha, nkhani yopanda mutu." Ndinayamba kutolatola mfundo za anthu ena ngati nkhuku. Ndinati makina ake ndi abodza, ndinati akufuna kuchotsa anthu ntchito, ndinati ndi yaitali, mpaka ndinadandaula za mabedi achitsulo. Mlamu ankangondiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Alamu, mwayamba liti kudana ndi mafilimu? Inu amene mumaonera ngakhale malonda a sopo mpaka kumapeto?"

Apa ndinatulutsa chimene ndinasungira pomaliza. "Mmenemo muli imfa ya mwana. Mukufuna achemwali anu akakhale maola atatu akuonera zimenezo?"

Ndinkayesa ndapambana, koma mlamu anangotsitsa mawu.

"N'chifukwa chake ndabwera, alamu. Zaka ziwiri tonse timalowa m'nyumba muno monyang'ama, dzina la mwana sititchula, ngati anaba kanthu. Ine mmenemuja ndalira kulira kumene ndinakulephera pamaliro. Asiyeni achemwali akalire pakati pa anthu, atulukeko m'khitchini muno."

"M'nyumba mwanga muno simundiuza zochita!" Ndinamenya thebulo mpaka masupuni analumpha. Sindinakhalepo munthu wokalipa, moti ngakhale ine mwini mawu angawo anandidabwitsa.

Akazi anga anatola supuni imene inagwa pansi, n'kuipukuta ndi nsalu mosafulumira.

"Bambo ake, zaka zonsezi sindinakumvenipo mukukalipira munthu. Lero mukalipire mng'ono wanga chifukwa cha filimu?" Anatembenukira kwa mlamu. "Ugule matikiti a Loweruka masana. Ndipita."

Ndikanangokhala chete, mwina akanakana okha monga anakanira zina zonse. Ku holo kuja ndinawakankhira ndine, ndi pakamwa pangapa.

Ndinali ndi masiku asanu oti ndiulule, ndipo ndinawadya onse. M'mawa uliwonse ndinkati lero, tiyi n'kuzizira, nthawi ya basi n'kukwana. Zengerezu adalinda kwawukwawu. M'malo molankhula ndi mkazi wanga ndinkachita zinthu zopusa. Lachiwiri ndinadzera ku holo kukafunsa kuti filimuyo isiya liti kuonetsedwa, ndipo mtsikana wa matikiti anandiuza mosangalala kuti aiwonjezera milungu iwiri chifukwa anthu akuikonda. Lachinayi ndinapemphera kuti Loweruka magetsi adzazime. Lachisanu, nditagona pa matiresi anga a kumbuyo aja, ndinapeza bodza lina lotchingira loyambalo: ndidzati munthu ukaonera chinthu masana, usiku umachilota, ndiye cholakwa changa n'chiyani? Linali bodza labwino, lopanda chibowo. Ndinalisunga ngati ambulera.

Loweruka ndinali kuntchito. Filimu inkayamba 2 koloko masana, ndipo basi ija imatulukira pakatha maola awiri ndi theka. Nthawi imeneyo ndinali ndi makasitomala, banja lachinyamata, mkazi ali woyembekezera. Ankayesa matiresi alionse pokhalapo n'kudumphadumpha. Foni ya Wailesi inalira, kanyimbo kake kali ka m'filimu momwemo, ndiye nawonso anayambapo.

"Ine ndinatuluka isanathe," anatero mkaziyo, dzanja lili pamimba. "Zinthu zina si zosewera nazo. Anthu azidyera misozi ya anzawo oferedwa?"

"Koma nzeru zili pomwepo," anatero mwamuna wake. "Ngati chinthu chabodza chikukutonthoza, chili ndi vuto lanji? Eti, achimwene?"

Ankafunsa ine. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yomweyo, misewu isanu kuchokera pomwe ndinaimapo, kamnyamata kaja kakugogoda pagalasi mkazi wanga akuona. Ndinawauza kuti matiresi awa ndi abwino pamsana. Anagula, koma ndinawalembera saizi yolakwika, moti adalaivala anachita kubwerera nawo Lolemba.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Mlamu kunalibe. Akazi anga anali m'khitchini atavalabe diresi lomwe anapita nalo, chikwama chili paphewa ngati angolowa kumene, kope lili patsogolo pawo lotseka. Sanandilonjere. Ndinakhala pampando winawo osavula jekete.

"Mawu ndi mawu," anatero. "Mpaka kugogoda."

Ndinatulutsa ambulera yanga. "Mayi ake, munthu ukaonera chinthu masana..."

"Ndaganiza zomwezo pobwera," anandidula. "Ndayesetsa kuti ndizikhulupirire, chifukwa n'zotheka. Mukandiuza kuti ndi choncho ndivomera, sindifunsanso. Koma mundiyang'ane kumaso ponena." Anaika dzanja pakope. "Ndipo mundiuzenso za enawa. Supuni ija. Katungwe. Dzino."

Mpata wothawira anali atandipatsa okha. Ndinayang'ana kopelo, mmene linatupira ndi masamba olembedwa mbali zonse, ndipo ndinamva kutopa kumene sindinakumvepo pa moyo wanga. Ndinaganiza za mawa, ndi mkuja, ndi zaka zina makumi awiri nditagona pa pulasitiki ndikupekera mwana wanga mawu amene sananene.

"Palibe ngakhale limodzi," ndinatero.

"Ngakhale loyamba lija?"

"Ngakhale loyambalo. Chimwalirireni sindinamuonepo, mayi ake. Ndimatseka maso, kumada, kenako kumacha. Ndinachita manyazi kukuuzani, ndiye nditaona kuti mwaseka tsiku lija, ndinalephera kusiya."

Ndinayembekezera kapu kumaso, kapena kuti anyamuke azipita kwa mng'ono wawo. Zonsezo ndikanazilandira. Koma anangokankhira kope kwa ine.

"Tsegulani. Muziwerenga pamwamba pokha, pamene ndimalemba amene walota."

Masamba oyambirira anali osakaniza, pena palembedwa "ine", pena "bambo ake". Chapakati "ine" anayamba kuchepa. Ndinapitiriza kutembenuza. Bambo ake. Bambo ake. Bambo ake. Miyezi khumi ndi inayi, tsamba ndi tsamba, "ine" panalibe ngakhale mmodzi. Ndinkakhala pathebulo lomwelo m'mawa uliwonse koma sindinazione, chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kuweta mabodza anga kuti asagundane.

"Anasiya kubwera kwa ine," anatero. "Ndinasintha mbali yogonera, ndinagona ndi juzi yake, ndinasala kudya, osabwera. Koma kwa inu katatu pa sabata. Ndiye ndinati wakumbukira."

"Wakumbukira chiyani?"

"Lolemba lija." Mawu awo anali ouma ngati akuwerenga kalata ya ku ofesi. "Inu munali mutapita kale. Anandigwira siketi pakhomo apo, akuti amayi musapite, mutu ukuwawa. Ine ndinamumasula zala chimodzichimodzi, ndinamupatsa theka la piritsi n'kumusiya kwa aneba, chifukwa kusukulu kunali mayeso ndipo mapepala ankadikira ine. Ndinamuuza kuti asiye kunamizira."

Zimenezi sindinkazidziwa. Zaka ziwiri tinkagona pa bedi limodzi, ndipo sindinkazidziwa.

"Ndiye m'mawa uliwonse inu mukamanena, ine ndimalemba ndi dzanja langali umboni woti mwana wanga wandikwiyira. Ndimalemba mosamala, ndikuti mwina pena pake anditchula. Sananditchulepo, bambo ake. M'maloto anu onsewa mulibe pamene anafunsa kuti amayi ali kuti."

Zinali zoona. Ndinkaopa kuwaikamo, kuti angayambe kufunsa mafunso amene ndingasowe poyankha.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa, ngati kuti ine ndinali ndi pakamwa pofunsira zimenezo.

"Ndikuuzeni kuti chiyani? Kuti ndikuchitira nsanje mwamuna wanga chifukwa cha mwana wakufa?"

Ndinafuna kunena kuti ndinkachitira iwo, kuti ndinkafuna kuwatonthoza, koma mawuwo anandinyansa asanatuluke. Kwa chaka ndi miyezi iwiri ndinali ndikuwabaya pathebulo la tiyi, ine n'kumapita kuntchito ndikuimba mluzu.

Anavula chikwama paphewa n'kuchiika pansi. Kwa nthawi yaitali anayang'ana pakhomo pamene mwanayo anawagwirira siketi.

"Ndiye kuti sanandikwiyire," anatero pang'onopang'ono.

"Sanakukwiyireni, mayi ake."

"Sanasankhe inu n'kusiya ine."

"Ayi."

Mapewa awo anatsika pang'ono, ndipo kwa kamphindi ndinaganiza kuti mwina tapulumuka. Kenako ndinawaona akufika pamene ine ndinkaopa, ndipo ndinalibenso chowatchingira nacho.

"Ndiye kuti sabwera kwa aliyense," anatero. "Wangofa basi."

Analira kulira kumene sindinakumve ngakhale kumanda, mphumi ataigunditsa pathebulo. Nditatambasula dzanja kuti ndiwagwire paphewa, analikankha osadzutsa mutu. Ndinakhala pomwepo, manja ali pamaondo, ndikufunafuna chonena chimene chikanakhala choona komanso chothandiza, ndipo sindinachipeze.